Ndinalipira Kuti Andiyendetse m'Dera Limene Ndimakhala: Ulendo Woona Chiyambi cha Katoto

Ndakhala ku Katoto, mumzinda wa Mzuzu, kwa zaka zisanu ndi ziwiri tsopano, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri zogona imene ndinaipeza nditangosamutsidwa pa ntchito kuchokera ku Dedza. M'zaka zonsezi sindinadzifunsepo kuti nyumbayo inamangidwa motani, anaimanga ndani, kapena chifukwa chake nyumba za mumsewu wathu zinandandalikana mowongoka ngati mizere ya m'munda, pomwe ku Masasa nyumba iliyonse inayang'ana kumene mwini wake anafuna. Mnzanga wa kuntchito atanditumizira uthenga wonena kuti pali kagulu kamene kamayendetsa anthu m'madera okhalamo a mumzinda uno n'kumawafotokozera mmene maderawo anayambira, ndinakayika ngati n'koyenera kutulutsa ndalama kuti munthu andionetse msewu umene ndimadutsamo tsiku ndi tsiku. Ndinapitabe, koyamba mwezi wa June ndili ndekha, kachiwiri mwezi wa August pamodzi ndi mayi a kunyumba ndi mlamu wanga, ndipo zimene ndikulemba pano zachokera pa maulendo awiriwo.

Amene amayendetsa ntchitoyi ndi achinyamata atatu, anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi, pamodzi ndi bambo wina wachikulire amene anakalambira pa ntchito ya umisiri womanga nyumba. Alibe ofesi kapena chikwangwani; munthu amalembetsa pa WhatsApp, amalipira pa foni kapena pamanja tsiku lomwelo, ndipo mtengo wake susiyana kwenikweni ndi wa nkhomaliro ya anthu awiri mu lesitilanti yapakatikati ya m'tauni. Ulendo umayamba Loweruka m'mawa pafupi ndi chipilala cha wotchi chimene chili pakati pa tauni, umatenga maola anayi kapena kupitirirapo, ndipo mbali ina mumayenda wapansi pamene mbali ina mumakwera njinga za kabaza, zimene kuno timazitcha sakaramento. Ndalama za sakaramentozo zili kale mumtengo umene mwalipira.

Tisananyamuke, bambo aja anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa chipatso chouma, chakuda, cha makwinya, kukula kwake ngati ndimu yaying'ono, ndipo anatiuza kuti tipatsirane aliyense achigwire. Tonse khumi ndi awiri tinachitembenuzatembenuza popanda wochizindikira. Atachilandiranso anati: "Ana anga, mzinda uno unatuluka m'kachipatso aka." Chinali chipatso cha mtengo wa tung, mtengo wochokera ku China umene njere zake zimatulutsa mafuta opangira penti ndi vanishi, mafuta osadyedwa chifukwa njerezo zili ndi poizoni. Cha m'ma 1947 kunatsegulidwa esiteti yaikulu ya mitengo imeneyi pamalo pamene pali Mzuzu lero, ndipo inkayendetsedwa ndi bungwe la boma la Britain lotchedwa Colonial Development Corporation, limene pambuyo pake linasintha dzina kukhala Commonwealth Development Corporation. Bambo awo a mkuluyu, malinga ndi kufotokoza kwake, anakwera kuchokera kunyanja, chakuuko ku Nkhata Bay, kudzafuna ntchito yolambula tchire ndi kudzala mbande pa esitetiyo, ndipo banja linawatsatira atapeza pogona.

Kuyamba nkhani ndi chipatso kunandigwira mtima chifukwa kunayankha funso limene alendo ambiri ochokera m'chigawo chapakati ndi chakumwera timakhala nalo osalinena, loti n'chifukwa chiyani likulu la chigawo chakumpoto lili pano, osati ku Mzimba kumene kuli boma, kapena ku Ekwendeni kumene mishoni inakhazikitsidwa kale mu 1889. Mzuzu ndi wamng'ono pa msinkhu poyerekeza ndi malo onsewa. Esiteti inabweretsa msewu, maofesi ndi anthu olandira malipiro pamwezi, ndipo m'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda linasamutsa likulu la chigawo kuchoka ku Mzimba kubwera kuno. Malonda a mafuta a tung anadzalowa pansi pamene mafakitale a kunja anayamba kugwiritsa ntchito mankhwala ena opangira penti, koma pofika nthawi imeneyo tauni inali itamera kale mizu, sinkadaliranso mitengoyo. Inadzakwezedwa kukhala mzinda mu 1985.

Phunziro lalikulu la ulendo wonse, limene bambowa amabwererako mobwerezabwereza osatopa nalo, ndi lakuti dera lililonse lokhalamo anthu mungalidziwe mbiri yake mukafunsa chimene chinayamba kufika pakati pa msewu, madzi ndi nyumba. Anayamba kutionetsa zimenezi chakumtunda, kumadera a nyumba zotalikirana monga ku Chimaliro, kumene mapuloti ndi aakulu, mitengo ndi yakale, ndipo nyumba zina za boma zakalekale zidakali ndi chumuni chotulukira utsi pamwamba pa denga. Anatiimitsa kunja kwa mpanda wa nyumba ina n'kutiuza kuti tiyang'ane chumunicho, ndipo anafotokoza kuti azungu ndi akuluakulu a boma amene ankakhala m'nyumba zoterozo ankasonkha moto m'chipinda chochezera miyezi yozizira, pakuti Mzuzu ali pamtunda wa mamita oposa 1,200 ndipo kuzizira kwa June ndi July kuno sikusewera. Kuseri kwa nyumba iliyonse kunkakhala kanyumba ka wantchito, kamene mpaka lero anthu amakatcha boyizikota, ndipo ambiri mwa ife amene tinabwera mumzinda uno tili mbeta ndi anyamata osakwatira tinayambira moyo m'tinyumba timeneti osadziwa kumene dzinalo linachokera. Kumeneku sindinakondweko kwambiri, chifukwa zambiri mumazionera pamwamba pa mipanda ya njerwa, ndipo mipandayo ikutalika chaka ndi chaka.

Ku Katoto ndi kumene mkuluyu amakhala ngati wafika pakwawo, ndipo ndi kumene ndalama yanga inagwira ntchito. Anatiuza kuti ali mnyamata anagwira nawo ntchito yomanga ina mwa mizere ya nyumba za kuno, poyamba ngati wopereka matope ndi njerwa, kenaka ngati mmisiri. Anatitengera pa nyumba ina imene mwini wake anali atagwirizana nawo kale, nyumba ya mabanja awiri ogawana khoma lapakati, n'kugwada pansi ngakhale maondo ankamuvuta, ndipo anafukula dothi ndi kamtengo pakona ya mpanda wa maluwa mpaka panaoneka kachipilala kakang'ono ka simenti kokhala ndi chitsulo pakati. "Iyi ndi bikoni," anatero, "ndipo inafika pano nyumba isanabwere, msewu usanalambulidwe, munthu aliyense asanagone pano. Oyeza malo ndiwo anali oyamba." Kenaka anatiuza kuti tiyendetse zala pakhoma lakumbali limene pulasitala wake anali atakakatuka, kuti timve kufanana kwa njerwa ndi kuwongoka kwa mizere ya matope pakati pake, ndipo anatisonyeza pamene khoma loyambirira linathera ndi pamene mwini nyumba anawonjezera chipinda zaka zapambuyo pake ndi njerwa zazikulu zosiyana mtundu. Kusiyanako kunali poyera, koma ine ndinali nditadutsa pa nyumbayo kambirimbiri osakuona.

Anatifotokozeranso kuti ngalande ya m'mbali mwa msewu inakumbidwa motsata kutsetsereka kwa malo kuti madzi a mvula asalowe m'makhonde, kuti mawindo a nyumba zoyambirira onse ndi a muyeso umodzi chifukwa pulani inali imodzi, ndiponso kuti malo otsala kuseri kwa nyumba anasiyidwa dala kuti banja lizilima ndiwo zamasamba ndi kuyanikapo zovala. Lero malo ambiri oterowo anamangidwapo tinyumba ta lendi. Mlamu wanga, amene ndi kalipentala, anakhala nthawi yaitali akuyang'ana mmene mitengo ya denga inalumikizidwira pakhonde, ndipo iye ndi bambowa anakambirana za matabwa a paini ochokera ku Chikangawa mpaka achinyamata aja anachita kuwakumbutsa kuti tikuchedwa. Sindinadandaule ndi kuchedwako, chifukwa kumva amisiri awiri a mibadwo yosiyana akufunsana za ntchito kunali kokoma kuposa mbali zina zimene zinakonzedweratu.

Mtsikana wa m'gululi ndi amene amafotokoza za malamulo ndi mabungwe, ndipo amazichita mwadongosolo. Anatikumbutsa kuti bungwe la Malawi Housing Corporation linakhazikitsidwa mu 1964, chaka chimene dziko lino linalandira ufulu wodzilamulira, ndipo ntchito yake inali kumanga nyumba zobwereketsa ndi zogulitsa m'matauni, makamaka za anthu apantchito. Nyumba za mizere zimene timaziona ku Katoto ndi za mtundu umenewo. Koma poti nyumba zomangiratu sizikanakwanira aliyense, panali njira yachiwiri, ya madera otchedwa Traditional Housing Areas, kumene bungwelo linkangodula mapuloti, kulambula misewu yafumbi ndi kuika mipopi yoti mabanja angapo azitungapo, ndipo wopatsidwa puloti ankamanga yekha nyumba ndi zimene akanatha, kaya ndi zidina ndi udzu, n'kumaikonza pang'onopang'ono ndalama zikapezeka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 madera amenewa anaperekedwa m'manja mwa makhonsolo a mizinda. Titakwera sakaramento kupita ku Chibavi, zimene ananenazo tinaziona ndi maso: misewu ndi yoyezedwa ndipo imadukizana mwadongosolo, koma nyumba zake n'zosiyanasiyana, ina ya malata akale ofiira ndi dzimbiri, yoyandikana nayo ya matailosi ndi geti yachitsulo, chifukwa iliyonse inakula molingana ndi thumba la mwini wake.

Ku Masasa zinthu zinayenda mobwerera. Kumeneko nyumba ndi zimene zinayamba, njira zinatsatira mapazi a anthu, ndipo madzi ndi magetsi zinafika mochedwa, n'kumazembazemba pakati pa nyumba zomangidwa kale m'malo otsetsereka. Apa achinyamatawa amatchula ziwerengero za kalembera wa boma, ndipo zimathandiza kumvetsa: mu 1977 Mzuzu unali ndi anthu pafupifupi 16,000, mu 1987 anapitirira 44,000, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu 221,272. Palibe oyeza malo amene akanayendera limodzi ndi liwiro lotere, choncho anthu obwera kudzafuna ntchito ndi malonda ankapita kwa mafumu kapena kwa eni minda kukapempha pomanga, n'kuumba njerwa pomwepo ndi dothi la pamalopo, ndipo maenje otsala ankadzadza madzi m'dzinja. Mvula yamphamvu imene inagwa mu April 2016 inagwetsa nyumba zambiri m'madera otere a mumzinda uno ndipo anthu ena anataya miyoyo. Ndinayamikira kwambiri mmene bambowa analankhulira tili kumeneko. Sananyoze aliyense kapena kunena kuti anthu anamanga mwaumbuli. Anati munthu amene wafika ndi banja lake madzulo sangadikire bikoni, ndipo anatisonyeza mmene eni nyumba ena anadzalira udzu wa vetiva ndi nthochi m'mphepete mwa zigumukire kuti dothi lisakokoloke. Ankapereka moni kwa aliyense wokhala pakhonde, "Monire amama, monire adada," ndipo ife tinkatsatira, zimene zinachititsa kuti tisaoneke ngati anthu odzaonerera umphawi wa anzathu.

Mbali ya mayina a madera ndi yaifupi koma yosangalatsa kwa ife amene Chitumbuka tinachiphunzirira pamsika. Mchengautuwa ndi mchenga woyera, Mzilawaingwe ndi njira ya kambuku, ndipo Salisbury Lines inasunga dzina lakale la mzinda wa Harare, umene unasinthidwa dzina mu 1982, kumene amuna ambiri a m'dziko lino ankapita kukagwira ntchito. Komatu mayina omwewa ndi amene anandionetsa chofooka chachikulu cha ulendowu. Ngati panali anthu amene anaona kambuku akudutsa n'kutcha njirayo dzina, ndiye kuti malo ano sanali opanda eni esiteti isanabwere. Mzuzu uli m'boma la Mzimba, m'dziko la mafumu ake, ndipo midzi ina imene lero ili mkati mwa mzinda inamezedwa pamene malire ankakula. Nkhani ya anthu amenewa, ya minda yawo, manda awo ndi mmene anasunthira kapena kusunthidwa, imangokhudzidwa pang'ono ndi mawu awiri atatu. Nditafunsa paulendo woyamba, mnyamata wina anayankha moona mtima kuti sanakambiranebe ndi mafumu za nkhaniyi, ndipo paulendo wachiwiri zinthu zinali chimodzimodzi. Ndikuona kuti ulendo wonena za chiyambi cha madera okhalamo sungakhale wathunthu ngati uyambira mu 1947 ngati kuti m'mbuyo mwakemo munalibe kanthu, ndipo ndikuwapempha kuti apeze mfumu kapena mkulu wa m'mudzi umodzi mwa midzi yakaleyo kuti azilankhula yekha ndi alendo.

Chimodzimodzinso mawu a amayi sakumveka. Mayi a kunyumba anaziona msanga, ndipo tili pa kiyosiki ya madzi ku Chibavi anafunsa kuti, "Nanga amene ankatunga madzi oumbira njerwa zonsezi anali ndani?" Bambo aja anavomera kuti anali amayi, kuphatikizapo amayi awo owabereka, amene ankasenza ndowa kuchokera kudambo kusanache, koma nkhaniyo inatuluka chifukwa chofunsidwa, sinali m'dongosolo. Nkhani ya madzi payokha ikanayenera kupatsidwa nthawi, kuyambira pa zitsime za m'madambo mpaka pa damu la Lunyangwa, limene madzi ake amachokera m'nkhalango ya Kaning'ina ndipo bungwe la Northern Region Water Board limawagawa mumzinda, popeza mbiri ya dera lililonse ili m'mitu ya amayi amene anadziwa tsiku limene mpopi woyamba unatulutsa madzi.

Pali zina zing'onozing'ono zofunika kukonza. Paulendo woyamba tinanyamuka patadutsa mphindi makumi anayi kuchokera pa nthawi imene tinagwirizana, tikunjenjemera ndi chisanu cha June, chifukwa a sakaramento ena anali asanafike. Zithunzi zakale zimene amaonetsa ndi mafotokope ofufuma moti n'kovuta kusiyanitsa nyumba ndi mtengo, ndipo sizinalembedwe kuti zinajambulidwa kuti. Palibe malo okonzedweratu oti munthu akadzithandize m'maola anayi onsewo, zimene zinavutitsa amayi awiri achikulire amene tinali nawo. Chimene chinandikhumudwitsa kwenikweni chinachitika paulendo wachiwiri, pamene mmodzi mwa anyamatawo anatilowetsa pabwalo la nyumba ina kuti tione uvuni wakale wa njerwa asanaodire, ndipo mayi wa pakhomopo anatuluka ndi chitenje m'manja atadabwa kuona khamu la anthu kuseri kwa khitchini yake. Bambo aja anapepesa mwaulemu ndipo nkhani inatha bwino, koma siziyenera kuchitikanso. Pa za chilankhulo sindinavutike: mkuluyu amalankhula Chichewa chomveka, ngakhale nkhani ikafika pokoma amalowa m'Chitumbuka kapena m'Chitonga osazindikira, ndipo mtsikana uja amamasulira mwamsanga popanda kumudula mawu.

Ulendowu sufika ku Luwinga, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake, pakuti ndi kutali ndipo nthawi singalole. Komabe amene akufuna kuona mmene dera limakulira chifukwa cha sukulu ndi chipatala aziphonya, popeza kumeneko Mzuzu University itatsegulidwa mu 1999, ndi chipatala chachikulu cha Mzuzu Central chimene chinamangidwa ndi thandizo la dziko la Taiwan n'kutsegulidwa mu 2000, eni mapuloti ambiri anayamba kumanga mahositelo ndi nyumba za lendi za ophunzira ndi ogwira ntchito. Achinyamatawa anandiuza kuti akuganizira zokonza ulendo wina wapadera wa mbali imeneyo, ndipo akadzatero ndidzalembetsa.

Nkhawa yanga yaikulu ndi yakuti ntchito yonseyi yatsamira pa munthu mmodzi. Zaka ndi malamulo achinyamata aja akhoza kuzipeza m'mabuku, koma kudziwa pamene pali bikoni yokwiririka, kuzindikira njerwa ya uvuni wina ndi ya uvuni wina, kukumbukira amene anadzala mtengo wa mapeyala umene uli pakona, zonsezi zili m'mutu mwa bambo amene paulendo wachiwiri anachita kukhala pansi katatu kuti apume. Ndinawalangiza kuti azimujambula mawu ndi foni nthawi iliyonse pamene akulankhula, ndi kulemba nyumba ndi misewu imene watchula, ndipo mtsikana uja anandiuza kuti anayamba kutero mwezi wa July.

Amene akufuna kupita asankhe miyezi yopanda mvula, kuyambira June mpaka October, chifukwa mvula ya ku Mzuzu imachedwa kusiya ndipo njira za ku Masasa zimaterera. Avale nsapato zogwira pansi, atenge juzi ya m'mawa ndi botolo la madzi, ndipo ana ochepera zaka khumi ndi bwino kuwasiya kunyumba chifukwa mtunda ndi wautali. Amene akufuna kugula puloti mumzinda uno apindula kuposa wina aliyense, chifukwa adzaphunzira kuyang'ana kumene madzi a mvula amalowera asanayang'ane mtengo wa malowo. Ine nditabwerako ulendo woyamba ndinatenga khasu n'kukafukula pakona ya mpanda wa nyumba imene ndimakhala, pafupi ndi mtengo wa gwafa, ndipo bikoni ndinaipeza itakwiririka ndi dothi lokwana chikhatho chimodzi. Nditawaitana alandilodi kuti adzaione, anandiuza kuti mpanda wathu unalowa pang'ono m'puloti ya aneba, ndipo iwo ndi anebawo agwirizana kuti adzausuntha akadzamaliza kukolola mbatata zimene zili m'mbali mwake.